Mpunga wa m'kamisolo

Msewu wa ku Ntaja ndauyenda kambirimbiri, moti malo onse amene basi imaima ndimawadziwa ngati zipinda za m'nyumba mwanga. Ndimagulitsa mpunga mumsika wa Kawale, ndipo mpunga wa faya ndimakaupikula komweko. Koma ulendo umene ndikufuna kunena pano unali woyamba chichokereni m'chipatala, kumene madokotala anandichotsa bere la kumanzere. Mpaka lero ndikaukumbukira nkhope imanditentha.

Za berelo ankadziwa anthu ochepa: amuna anga bambo a Tadala, mwana wathu Tadala, ndi asisitala a ku kiliniki ya khansa. Anzanga a kumsika ndinawauza kuti ndinali kumudzi, ndimavutika ndi zilonda za m'mimba. Tsitsi litathothoka ndi mankhwala a m'diripi ndinkangomanga duku, iwo n'kumandiseka kuti ndalowa mpingo watsopano. Pachifuwa napo ndinapeza nzeru zanga. Ndinatenga sokosi yakale ya bambo a Tadala, n'kuthiramo mpunga, n'kumanga mfundo, n'kuika m'kamisolo. Nsanza ndinayesapo, koma zinkakwera m'mwamba ndikamayenda, pamene mpunga umalemera ndipo umakhala pamalo pake. Chipsera changa ngakhale bambo a Tadala anali asanachione, chifukwa ndinkavula nditatembenukira kukhoma.

Asisitala aja anandipempha kangapo konse kuti ndizipita Lachiwiri kukacheza ndi amayi amene angouzidwa kumene za matendawa. Ankati iwo akamalankhula anthu amangoti n'zakusukulu, koma munthu wochira akhoza kumumvera. Ine ndinkayankha kuti kumsika ndilibe womusiyira malonda. Linali bodza, Tadala analipo. Asisitalawo ankandikakamira chifukwa ankandidziwa kuyambira kale, nthawi imene ndinali gadiyani wa akulu anga a Felesiya. Ndinagona pansi pa bedi lawo miyezi yambiri, kuwaphikira kukhitchini ya magadiyani, kuwasambitsa, kuwatsuka bala. A Felesiya anafika mochedwa kuchipatala. Anayamba azungulira kwa aneneri ndi kwa asing'anga mpaka chotupa chinaphulika, ndipo tinakawaika kwathu kufupi ndi Nsipe. Ine nditangomva kanthu kolimba m'bere ndikusamba, sabata yomweyo ndinali pamzere kuchipatala. Sikunali kulimba mtima, anali mantha basi.

Tsono Lachinayi m'mawa ndinakwera kabaza kuchoka ku Kawale kupita kudepoti, dzanja limodzi lili pachifuwa kuopa mabampu. Oitanira anandilanda chikwama ndisanatsike n'komwe, aliyense akulumbira kuti basi yake yatsala munthu mmodzi. Ndinakwera ya ku Zomba, kuti ndikatsikire pa Liwonde. M'katimo munkaoneka modzaza, koma ife oyendayenda timadziwa: theka la anthuwo anali anyamata a pa depoti pomwepo, ongokhalira mipando kuti okwera akopeke. Munthu weniweni akalowa, mmodzi wa iwo ankanyamuka ngati waiwala kanthu panja. Mtengo unali utakweranso, kondakitala akuti mafuta akusowa, ndipo amene sakufuna ayende wapansi.

Ndinakhala mpando wa kunjira. Kuwindo kunali bambo wina wachikulire wa chipewa, atanyamula tambala wopita naye ku chinkhoswe cha mphwake ku Balaka. Tambalayo anamumanga miyendo n'kumuika pansi pa mpando. Tinadikira mpaka dzuwa linayamba kuotcha malata a basi. Analowa mlaliki, anatiopseza ndi ngozi za pamsewu, n'kutolera chopereka. Atatsika analowa wogulitsa mankhwala a m'mabotolo, ochiza shuga, kuthamanga kwa magazi, kusabereka ndi chotupa chilichonse. Ndinamuyang'ana ndi diso loipa, koma pakamwa ndinatseka.

Basi itatsala pang'ono kudzaza zenizeni, analowa amayi awiri ovala mipango. Wamkuluyo anabereka mwana wa miyezi ingapo. Wamng'onoyo, mtsikana wosafika zaka makumi atatu, ankayenda mkono wa kumanja atautalikitsa ndi thupi, ngati wapana dzira kukhwapa. Katundu wawo ndi amene anandiuza zonse: beseni la pulasitiki, m'kati mwake fulasiki, kapoto, mbale ziwiri ndi kamkeka kopindapinda. Katundu ameneyo sapita ku ukwati kapena ku maliro. Ndi wa anthu ogonera kuchipatala, ndinamusenzapo ine.

Nditayang'ana nkhope ya mtsikanayo ndinamukumbukira. Mwezi wapitawo, nditapita kukaonedwa ku kiliniki, anakhala pa benchi moyang'anizana nane, mwana ali kumbuyo, misozi ikungotsika osalira mokweza. Tsiku limenelo ndinayang'ana kumbali. Apanso ndinakokera duku pamphumi n'kuyamba kufufuza zinthu zosadziwika m'chikwama, kupemphera kuti asandizindikire. Mnyamata wina anamupatsa mpando wa kutsogolo kwanga. Mayi akewo mpando unawasowa, ndiye kondakitala anawaikira chigubu m'kanjira, pambali panga penipeni.

Tinanyamuka mochedwa. Pa Biwi mtsikanayo anasuzumira pawindo nthawi yaitali, ndipo pambuyo pake ndinamva kuti mwamuna wake amasoka zovala pakhonde la sitolo ina kumeneko. Tinadutsa Area 36, tinaimanso pa Nathenje kukweza matumba a feteleza amene anawaunjika mpaka pakhomo. Bambo wa tambala uja sankatha kukhala chete. Anayamba kucheza ndi mayi a pachigubu aja modutsa pamaso panga, ngati ine ndine tebulo. Mayiwo anati ndi Abiti Juma, kwawo ndi kupitirira Ntaja cha ku Nselema, mwana wawoyo ndi Hawa, ndipo kamdzukuluko ndi Shukurani. Anabwera ku Lilongwe kudzadwazika Hawa, koma tsopano akubwerera naye kumudzi.

Bamboyo anafunsa ngati wodwalayo wapeza bwino. Abiti Juma anatsitsa mawu, koma pachigubu ndi pa mpando wanga panalibe mtunda. Anati madokotala akufuna amudule bere Lachiwiri likubwerali, ndipo anauzidwa kuti akagonekedwe Lolemba. Iwo anakana. Kumudzi kuli munthu wodziwa mitengo amene anachizapo anthu zotupa.

"Mpeni umadzutsa matenda, abambo," anatero. "Kwathu anadulidwa awiri, onse tinaika. Andionetse mmodzi yekha amene anamudula bere n'kukhala moyo, ine ndibwerera pompano."

Bambo wa tambala anavomereza kuti zoonadi, za kuchipatala n'zongoyesa. Ine ndinali pakati pawo, phewa langa likukhudza mpango wa Abiti Juma. Munthu amene ankamufunayo anali atakhala pomwepo, akutafuna chingamu. Ndinadziuza kuti m'basi si malo ake, kuti anthuwa sindikuwadziwa, kuti nkhani za banja la eni salowerera. Zifukwa zinabwera zambiri, zonse zovala bwino. Koma chenicheni chinali chakuti ndinkachita manyazi kuti anthu a m'basi, oti mawa sadzandionanso, adziwe kuti ndili ndi bere limodzi.

Pa Chimbiya anyamata a nyama yootcha anazinga mawindo. Pa Dedza kunazizira, tinatsika kukataya madzi, ndipo ine ndinadikira kuti Hawa ndi mayi ake abwerere kaye ndisanapite. Tikukwera mapiri a ku Bembeke, mwana uja anayamba kulira. Hawa anayesa kumuyamwitsa bere la kumanzere, labwinolo, koma mwanayo akaponda mwendo ankamugunda mbali yodwalayo, iye n'kuluma mlomo. Anamubweza kwa agogo ake. Pa Lizulu tinaima nthawi yaitali, anthu akugula kabichi, mbatata ya kachewere ndi tomato ngati kumene akupita kuli njala. Fungo la anyezi litasakanikirana ndi la dizilo, Abiti Juma anayamba kuchita nseru pachigubu paja.

M'basi mwana sakhala wa munthu mmodzi. Mayi akatopa kapena akafuna kumanga chitenje, amangopereka mwana kwa mayi mnzake amene ali pafupi, ndipo palibe amakana. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Abiti Juma anangoti, "Tandigwirireni, amayi," mwana ali kale pamiyendo panga, iwo n'kuweramira m'jumbo.

Shukurani anali mwana wonenepa bwino, wa maso aakulu. Anandiyang'ana, anasiya kulira, ine n'kumamuseweretsa. Ndinaiwala kuti mwana wanjala akakhala pamiyendo ya mayi amadziwa kumene chakudya chimakhala. Kadzanja kake kanalowa m'bulauzi mofulumira ngati ka wakuba wa mumsika. Ndisanamugwire anali atakoka sokosi ija, n'kuitulutsa panja, n'kuiika kukamwa. Ndinailanda mwamphamvu, iye anakakamira, mfundo inamasuka.

Mpunga unamwazika pamiyendo panga, pa nsapato za bambo wa chipewa, mpaka m'kanjira. Basi inali pamtsetse, ndiye unagubuduzika kupita kutsogolo. Tambala uja, amene anali chigonere kuchokera ku Lilongwe, anatulutsa mutu pansi pa mpando n'kuyamba kujompha. Anthu anaseka. Kondakitala anakuwa ali kukhomo kuti amayi awa ndi a nzeru, abisa katundu kuopa kulipira, koma alakwitsa njira chifukwa mpunga umachokera ku Ntaja, supita ku Ntaja. Basi yonse inafa nacho chiseko, ngakhale a kumbuyo amene sanaone kanthu.

Kenaka chisekocho chinayamba kuzima, kuyambira mipando yapafupi. Bulauzi yanga inali yopyapyala. Mbali imodzi inali yodzaza, inayo itagwera m'kati ngati thumba lopanda kanthu. Bambo wa chipewa anayang'ana kamodzi n'kutembenukira kuwindo, osabwereranso. Ndinafuna pansi patang'ambika. Ndinamasula chitenje m'chiuno n'kudzifunditsa m'mapewa, mwana akulirira sokosi yake. Ndinamusiyira. Abiti Juma anamutenga, koma maso awo anakhala pachifuwa panga. Hawa naye anali atatembenuka pa mpando wake.

Kuchokera pamenepo mpaka pa Ntcheu sindinadzutse mutu. Ndinkangoona mpunga pansi ukupondedwa. Titadutsa boma, ndinadziwa ndi makhotedwe a msewu kuti tikuyandikira Nsipe. Ndinasuzumira pang'ono, ndinaona kanjira kopita kwathu ndi mitengo ya kumanda kumene kuli a Felesiya. Manyazi amene ndinali nawo anasanduka ena. Oyamba aja anali a bere. Awa anali oti ndinatsuka bala la akulu anga mpaka tsiku lomaliza, ndikudziwa bwino kumene msewu wa Hawa ukathere, koma ndakhala chete kuchokera ku Nathenje. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe. Apa anali oti apha mwana wa eni, ine ndili moyo.

Ngakhale zinali choncho sindinalankhule. Ndikanakonda kunena kuti ndinalimba mtima, koma amene anandithandiza ndi basi. Titangopitirira Kampepuza inayamba kutulutsa nthunzi kutsogolo, dalaivala n'kuimika pambali. Anati paipi ya madzi yaphulika, kondakitala akwere njinga yamoto akafune ina ku Balaka. Tinatsika tonse. Malowo analibe sitolo kapena nyumba pafupi, koma minda yokololedwa kale ndi mitengo ya mango yopanda zipatso. Ena anayamba kuimitsa maminibasi, koma kondakitala anali atapita ndi ndalama zonse, ndiye ambiri tinangokhala. Dzuwa la kumeneko si la ku Dedza.

Ndinakakhala ndekha pansi pa mtengo wakutali. Anthu ankandiyang'ana mwakuba, ndipo mayi wina anabwera kudzandipatsa nthochi osanena chifukwa, zimene zinandipweteka kuposa chiseko chija. Patapita nthawi amayi anayamba kupita kuseri kwa chulu kukadzithandiza, abambo mbali inayo ya msewu. Nditapita ine, pobwerera ndinapeza Hawa ataima panjira, akundidikira.

Anandipatsa moni mwaulemu, n'kunena kuti anandizindikira kudepoti komwe. Ndinamufunsa chifukwa chake sanandilankhule. Anati ankaganiza kuti tsiku lija ku kiliniki ndinangoperekeza wodwala.

"Tsiku limene lija anali atangondiuza zodula," anatero. "Ndinakhala pa benchi paja n'kumayang'ana amayi onse pachifuwa, mmodzimmodzi. Ndimafuna ndione ngati alipo amene anamudula koma akuyenda. Inunso ndinakuyang'anani. Munali wonenepa, mukuseka ndi asisitala. Ndinaona mabere awiri."

Sokosi ija ndinkaiyesa nkhani yanga ndekha, yosalakwira munthu. Sindinadziwe kuti pa benchi paja tinalipo angati obisa nsanza ndi masokosi, tonse tikuoneka athunthu, mtsikana akufunafuna mmodzi yekha.

Ndinamuuza kuti akaitane mayi ake. Anabwera Abiti Juma, mwana ali kumbuyo, sokosi ikadali m'manja mwake. Tinazungulira kuseri kwa chulu kuja. Ndinachotsa chitenje, ndinamasula mabatani, n'kukweza kamisolo. Chipsera changa n'chachitali, chimachoka pakati pa chifuwa mpaka kukhwapa, ndipo ine mwini sindinkachiyang'ana pagalasi. Ndinatseka maso. Mphepo inandiomba pamalo pamene inali isanaombepo chichokereni m'chipatala.

Ndinamva chala chokhakhala chikuyenda pachipserapo kuchokera kumayambiriro mpaka kumapeto. Anali Abiti Juma. Anadinikiza pang'ono, ngati mmene timayesera mapeyala, n'kufunsa ngati pakupweteka. Ndinati ayi, koma kukazizira pamakoka. Anafunsa kuti papita nthawi yaitali bwanji. Ndinati mvula yagwa kawiri. Anafunsa ngati mkono umagwira ntchito, ndinaukweza m'mwamba n'kuwauza kuti ndikupita kukapikula mpunga, ndipo ndimasinja, ndimachapa. Hawa anafunsa funso limodzi lokha, maso ali pansi: ngati amuna anga akadali pakhomo. Ndinati alipo, sokosiyo ndi yawo. Anaseka pang'ono, koyamba tsiku limenelo.

Ndinavala, tinakhala pansi pomwepo, ndipo ndinawauza za a Felesiya. Sindinakometse. Ndinawauza za mabotolo ndi mphini, za mbuzi zimene tinagulitsa, za fungo la bala limene linkathamangitsa anthu m'chipinda, ndi zimene dokotala ananena titafika, kuti tikanabwera chaka chathacho. Ndinawauzanso kuti mankhwala a m'diripi ndi owawa, amasanzitsa, amathothola tsitsi, ndipo si onse amene amachira. Awiri a kwawo aja mwina anadulidwa matenda atafalikira kale, monga akanachitira akulu anga. Ine zanga ndikudziwa n'zakuti mwa ana awiri a mayi anga, amene anakana mpeni ali pansi pa mitengo taidutsa ija, amene anadulidwa ndi uyu mukumuonayu.

Abiti Juma ankangogwedeza mwana. Ndinawakumbutsa mawu awo a pa Nathenje, kuti akaona mmodzi abwerera. Anati anenadi, koma pakamwa pamathamanga. Ndiye anatulutsa zimene zinali pansi pa mtima. Kuchipatala mwana saloledwa kugona ku wodi, ndipo wodwala amafunika gadiyani. Iwo sangakhale pawiri. Akatsala ndi mwana, Hawa amuphikira ndani, amusambitsa ndani? Mwamuna wake sangagone ku wodi ya amayi, ndipo akasiya makina banja lidya chiyani? Ku Lilongwe alibe mbale. Komanso nkhani yotere sangaigamule okha pamsewu, mwini mbumba ndi mlongo wawo, amalume ake a Hawa.

"Mwana mukamusiye kumudzi ndi inu," ndinatero. "Pansi pa bedi ndikagona ine. Malo ake ndikuwadziwa."

Mawuwa anatuluka ndisanawaganize, ndipo nditawamva ndinachita mantha. Abiti Juma anandiyang'ana n'kufunsa kuti ndine wa mpingo wanji. Nditawauza, anati nanga mwana wa Chisilamu ndikamuphikira bwanji. Ndinati poto ndi wawo, ali m'beseni, ndipo nyama ndizikagula kumene amagula mwamuna wake. Sanavomere, sanakane. Anangoti akakambirana ndi amalume ake, Mulungu akalola. Ndinawauza kuti ine ndibwerera Lamulungu m'mawa, ndikakhala pa siteji ya Ntaja.

Kondakitala anabwera dzuwa litapendeka, paipi ili m'manja, ndipo anatituma tonse amene tinali ndi mabotolo kuti tipereke madzi a injini. Pokwera anandipatsa mpando wakutsogolo osandiyang'ana kumaso. Ndinakana, ndinabwerera pamalo panga. Pansi panali poyera, tambala anali atamaliza ntchito yake. Bambo wa chipewa anatsika pa Balaka, ndipo potsika anandivulira chipewacho. Pa Liwonde ine, Hawa ndi mayi ake tinakwera minibasi imodzi, tinapanikizana anayi pampando, ine chitenje chili m'mapewa. Pa Ntaja ndinatsika, iwo anapitirira. Foni ya Hawa inali itatsala ndi mwamuna wake, ndiye panalibe zoimbirana.

Masiku awiri otsatirawo ndinapikula mpunga ngati munthu wogona. Amayi a kumeneko amandidziwa kuti ndimatafuna kambewu ndisanagule ndipo ndimanenerera mpaka atatopa, koma ulendo uno anandidabwa. Kumene ndinkagona ndinali ndi sokosi zanga, mpunga unali matumbamatumba, moti kupanga bere lina inali ntchito ya kanthawi kochepa. Ndinaigwira sokosi n'kuibwezera m'chikwama. Koma chitenje sindinachichotse m'mapewa, ngakhale kunkatentha. Matumba ndinakweza pa lole imene imatinyamulira Loweruka madzulo.

Lamulungu ndinafika pa siteji kusanatenthe. Minibasi yoyamba inadzaza, ndinaisiya. Yachiwiri oitanira anandinyamulira chikwama, ndinakachitsitsa. Anayamba kundiseka kuti amayi awa akudikira chibwenzi. Njinga yamoto iliyonse yochokera ku Nselema ndinkaiyang'ana mpaka wokwerayo atatsika. Mabelu a tchalitchi analira, anthu analowa, anatuluka. Ndinayamba kudzitukwana. Ndikanalankhula pa Nathenje pomwe paja, tisanapite kutali, mwina tikanatsika n'kubwerera tsiku lomwelo. Tsopano mtsikana ali m'manja mwa amalume ndi munthu wa mitengo uja, ndipo ine ndavulira anthu pathengo popanda phindu.

Dzuwa lili pamutu ndinaona beseni. Linali pamutu pa munthu amene ankabwera wapansi m'mbali mwa msewu, mkono wa kumanja atautalikitsa ndi thupi. Kumbuyo kunalibe mwana. Ndinathamanga ngati kamtsikana kukamulandira. Maso ake anali otupa. Anati amalume anakana usiku woyamba, koma mayi ake anawauza kuti iwo agwira chipsera changa ndi dzanja lawo, ndipo dzanja silinama. Njinga inamutsitsa patali chifukwa ndalama inaperewera. Kenaka anapisa m'beseni n'kundipatsa kanthu kopindidwa bwino. Inali sokosi ija, yochapidwa.

"Amayi akuti mukabweze kwa eni ake," anatero.

Ulendo wobwerera unalibe zovuta, kapena ngati zinalipo sindinazione. Pa Liwonde tinapeza basi yaikulu, tinakhala mpando umodzi. Titadutsa Balaka ndinaona Hawa akukoka mpango wake kuti ufike pachifuwa, koma unali waufupi. Nthawi yoyamwitsa inali itakwana, mwana ali kutali, ndipo mkaka unanyowetsa diresi mbali yabwinoyo mpaka pamimba. Anapinda mikono, akulira chamumtima, akuyang'ana ngati anthu aona. Ndinalibe china chomupatsa. Ndinachotsa chitenje m'mapewa mwanga n'kumufunditsa.

Kuchokera pamenepo ndinayenda choncho, mbali imodzi yodzaza, inayo yopanda kanthu. Pa Nsipe ndinamuonetsa mitengo ija. Pa Lizulu ogulitsa kabichi anandiyang'ana, wina anakodola mnzake. Manyazi sanathe, ndisaname. Ankabwera ngati malungo, kutentha kenaka kuzizira. Koma ndikafuna kupinda mikono ndinkakumbukira benchi lija, n'kuitsitsa.

Kudepoti ku Lilongwe munthu woyamba kukumana naye anali mayi a Yamikani, amene amagulitsa nyemba moyandikana nane mumsika wa Kawale, ndipo nkhani ikafika kwa iwo yafika ku Kawale yense. Anandipatsa moni, maso n'kutsikira pachifuwa, pakamwa n'kutseguka.

"Inali khansa, si zilonda za m'mimba," ndinatero. "Anadula. Tandilandireni beseni ili, tili ndi wodwala."

Kunyumba ndinapereka sokosi kwa bambo a Tadala, ndipo tsiku limenelo sindinatembenukire kukhoma. Anayang'ana chipseracho, n'kunena kuti iwo ankaganiza kuti n'chachikulu kuposa pamenepa, kenaka anafunsa ngati mlendoyo wadya.

Hawa anagonekedwa Lolemba, ndipo Lachiwiri m'mawa anamutenga. Opaleshoni imatenga nthawi, gadiyani amangozungulira panja ngati nkhuku yofuna poikira. Miyendo inanditengera ku kiliniki. Asisitala aja atandiona anayang'ana bulauzi yanga, n'kufunsa kuti nanga malonda ndamusiyira ndani lero. Ndinati Tadala. Anangondilozera benchi ndi chibwano.

Kumapeto kwa benchilo kunali mayi wina wa msinkhu wanga, chikwama atachikumbatira, akuyang'ana amayi anzake mmodzimmodzi, osati kumaso. Maso ake atafika pa ine anaima. Nkhope inanditentha ngati m'basi muja. Ndinapita kukakhala pambali pake, mbali ya kumanzere ili kwa iye, n'kusendera pafupi kuti aone bwino.